Mng'alu wa pa Thanki Yachisanu

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, chimfine chija chinandisiya. Achimwene anu nawonso ali bwino, akupereka moni, ati muwauze akazi awo kuti foni amaitchaja, samaisunga m'sutikesi ngati mendulo.

Musadabwe kuti ndayamba makalata ngati munthu wakale. Chipinda chathu munachiona pa chithunzi: mabedi awiri, tebulo pakati, ukayetsemula mnzako ndiye amapukuta nkhope. Pa foni ndimangofunsa za mvula ndi ana chifukwa alamu amakhala ali pomwepo. Ndiye ndizipatsira adalaivala a basi ya Lachitatu, inu muzikatenga kudepoti.

Nkhani yabwino ndi yakuti mayeso aja ndakhoza. Tsopano ndili ndi satifiketi, ndikayeza chitsulo ndimasaina ndekha. Ndamva kuti ana akafunsidwa kusukulu amati bambo awo amapenta. Auzeni kuti sindipenta. Pafakitale pathu timapanga mathanki a nthunzi, aakulu ngati minibasi. Achimwene anu ndi anzawo amawotcherera zitsulo, ine ndimabwera pambuyo kudzaona ngati pamsoko pamene awotchererapo pali mng'alu. Mng'alu wake suoneka ndi maso, umachepa kuposa tsitsi, ndipo thanki sungaidule kuti uone mkati, pakuti ukatero waiwononga. Ndiye timapopera mankhwala ofiira pamsokopo n'kudikira kuti alowe. Kenako timapukuta, n'kupopera ena oyera ngati ufa. Ngati pali mng'alu, ofiira aja amatulukamo n'kujambula mzere pa zoyerazo. Tikafuna kudziwa kuya kwake timatenga kamakina kotumiza mawu m'chitsulo, mawuwo akagunda mng'alu amabwerera msanga.

Wowotcherera aliyense ali ndi chidindo chake chimene amakhoma pambali pa msoko, kuti zikalakwika tidziwe mwini wake. Ndikapeza vuto ndimalemba mtanda ndi choko chachikasu. Mitanda ikakwana itatu pa theka la chaka, munthuyo amamutumiza kukayesedwanso, kuyambira kwa dokotala wa maso. Akalephera, ntchito yatha.

Alamu anasangalala kuposa ine. Anazungulira fakitale yonse kuuza anthu kuti mlamu wanga uyu ndinamutenga kumudzi asakudziwa ndi sipanala yomwe. Sananame. Popanda iwo bwenzi ndikadali pa msika kugulitsa zitsulo za njinga.

Pa zimene ndatumiza, mugule malata anayi a kukhitchini mvula isanawononge mitengo ya denga, zotsalazo nsapato za mzime. Musamugulire zokwana ndendende, mwanayo akukula ngati nthochi. Kuno sopo ndi mafuta zakweranso, koma tikupirira.

Alamu masiku ano uthenga ukabwera pa foni amandipatsa ine kuti ndiwawerengere. Ati babu la m'chipinda mwathu ndi lofooka. Ndagula lina lowala.

Ndine bambo a ana anu.


12 Malichi

Amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti malata akwera ndi kuti chifuwa cha mzime chaleka. Ife tili bwino ndithu.

Walira mvula walira matope. Satifiketi ndinkaifuna, koma sindinkadziwa kuti anthu amene ndinkadya nawo pa benchi imodzi ayamba kutsitsa mawu ndikamadutsa. Anditcha kale dzina, ati a Choko.

Talandira ntchito yaikulu, mathanki asanu ndi imodzi opita ku fakitale ina ya nsalu. Eni ake akuwafuna kumapeto kwa Meyi, ndiye kapitawo wathu mutu sukugwira. Timamutcha a Pompano, chifukwa chilichonse kwa iwo ndi pompano, ngakhale kupita kuchimbudzi amafuna ubwere usanapite. Dzana anandipeza nditaima pafupi ndi thanki, maso pa wotchi.

"Mwaimirira chiyani pamenepo ngati mukudikira basi?"

"Ndikudikira mankhwala alowe, bwana. Ndi mphindi khumi ndi zisanu."

"Chitsulo si nyemba kuti mudikire chipse. Pukutani tizipita."

Sindinapukute. Ntchito yathu yonse yagona pa kudikirako. Ukapukuta msanga, ofiira aja amakhala asanalowe. Ukathira mankhwala otsukira pamsoko penipeni m'malo monyowetsa kansalu, amatsuka ndi za mumng'alu zomwe. Zoyera zimakhala zoyera mbee, iwe n'kusaina kuti zili bwino, pamene mng'alu uli phee mkati. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi mkulu wathu wa oyeza, mayi wina wamfupi, waimvi, amene timamutcha Mayi Tochi poti tochi yawo sachoka nayo m'manja ngakhale masana. Iwo amavula wotchi n'kuiika pa thanki kuti aliyense aione, ndipo kapitawo akayamba phokoso amangomuyang'ana mpaka atachita manyazi.

Pali kanthu kena. Lachinayi ndinayeza msoko wa thanki yachiwiri, panatuluka timadontho tofiira tisanu tondondozana. Nditayang'ana chidindo, chinali cha achimwene anu. Komabe mtanda ndinalemba. Si chachilendo, wowotcherera aliyense zimamuchitikira, amapala ndi gilayinda n'kuwotchereranso. Alamu anabwera, anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chitsulo, n'kuseka.

"Mwakula alamu. Inu amene ndinakuphunzitsani kumanga zingwe za majombo?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma tsiku limenelo titaweruka anadyera panja, pa masitepe, ati m'chipinda mukutentha.

Wachisamba mumuuze kuti masamu asawathawe, ntchito ngati yangayi amafunsa masamu. Chitseko cha kuseri mupeze kalipentala, osati uja wa chaka chatha amene anatipangira chitseko chotseguka chokha.

Ndifunseko. Malemu bambo anu maso anayamba kuwavuta ali ndi zaka zingati? Ndikungofunsa, musaganize zambiri.

Mwamuna wanu.


6 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Tili moyo. Kalatayi ikhala yaifupi, ndatopa, tikugwira mpaka Loweruka.

Zikomo pondiyankha za malemu bambo. Zaka zimene mwatchulazo alamu adutsa kale ndi ziwiri.

Sabata yathayi alandira mtanda wachiwiri. Sindinalembe ine, analemba Mayi Tochi pa thanki yachinayi. Watsala umodzi. Izi musawauze akazi awo, ndapota nanu. Mukudziwa kuti nyumba yawo yafika pa mawindo, ndipo mwana wawo wamkazi watsala ndi zaka ziwiri kusukulu ya unamwino. Mukapita kukacheza muzingonena kuti tili bwino.

Alamu sakusekanso monga kale. Akaweruka amagona chagada, kansalu konyowa pa maso, ati utsi wawotcha. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala patokha fakitale isanatitumize, anandiyankha kuti ndisamalire za choko changa.

Lachiwiri panachitika zina pa thanki yachisanu. Ndidzakuuzani ndikadzabwera, si za m'kalata. Palibe wavulala, mtima ukhale m'malo.

Zimene ndatumiza mwezi uno zachulukirapo chifukwa cha Loweruka lija. Musazisunge m'nyumba. Za mbuzi zimene munanena, chitani mmene mukuonera, mutu wanga suli pa mbuzi.

Ana muwapatse moni.

Ine ndemwe.


3 Meyi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino. Mwandilembera kuti pa chithunzi chija ndaonda ndipo pa foni ndikumayankha ngati munthu wobwereka pakamwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi, sindingakubisireni mpaka Disembala. Kalatayi muwerenge muli nokha, mukatha muiwotche.

Thanki iliyonse ili ndi khosi, paipi yaifupi yonenepa pamene nthunzi imatulukira. Msoko wa pakhosipo ndi wovuta kuposa yonse, umazungulira, ndipo ndi pamene mphamvu yonse imakankha. Pa thanki yachisanu anawotcherera ndi achimwene anu. Lachiwiri lija Mayi Tochi anali atapita kukayeza mapaipi kwina, ndinatsala ndekha. Ndinapopera ofiira aja. Alamu anabwera n'kuima pambali panga, chisoti chowotchererera atachikweza pamphumi, thukuta lili kamukamu. Sanandipemphe kanthu, ndisawanamizire. Anangoti, "Dzuwa latentha, alamu. Tithane nazo."

Ndinayang'ana wotchi, zinali zitangodutsa mphindi zitatu. Ndinatenga mankhwala otsukira n'kuthira pamsoko penipeni, ambiri, mpaka kuyenderera pansi. Ndinapukuta, ndinapopera oyera. Panali mbee. Koma ndisanachoke, pansi pa khosi, mbali imene anthu saiona, panayamba kutuluka kadontho kofiirira ngati pamene yaluma nsikidzi. Ndinakapukuta ndi chala chachikulu. Kenako ndinakasaina fomu.

Ndi zimenezo. Palibe anaona. A Pompano anandimenya paphewa, ati tsopano mwayamba kudziwa ntchito.

Thankiyo anaipopa madzi mwamphamvu monga mwa lamulo, sinadonthe. Aipenta yobiriwira, ili pabwalo pamodzi ndi zinzake kudikira lole ya pa 29. M'mawa uliwonse ndimadutsa pambali pake popita kukavala ovolosi. Yakongola kuposa zonse, chikomekome cha mkuyu. Inu mwina muti, poti madzi inapirira, vuto lili pati? Mng'alu wotere suphulika tsiku loyamba. Thanki ikatentha chitsulo chimafutukuka, ikazizira chimabwerera, tsiku ndi tsiku, mng'alu n'kumayenda pang'onopang'ono. Mwina chaka, mwina zitatu, mwinanso osachitika chilichonse mpaka ife tonse titafa. Sindikudziwa kuya kwake chifukwa kamakina kaja sindinakaikepo, ndinkaopa kudziwa.

Sabata yatha anabwera injiniya wa eni mathanki kudzaona mapepala. Pocheza anandionetsa chithunzi cha malo amene akawaike. Thanki ikaima pakona, ndipo masitepe asanu okha kuchokera pamenepo pali matebulo a amayi osita nsalu. Ndinawerenga mitu khumi ndi iwiri. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikutsika.

Ndikanena, alamu alandira mtanda wachitatu, apita kwa dokotala, ndipo tonse tikudziwa zimene dokotala akapeze. Ndikakhala chete, lole ibwera n'kunyamula. Khoswe wakhala pa mkhate. Ndi mchimwene wanu, ndiye ndati ndimve kwa inu. Muyankhe ndi basi yobwerera, osati pa foni, foni yanga ndi imene alamu amaimbira kunyumba, yawo ikatha moto.

Mwamuna wanu.


20 Meyi

Amake ana,

Moni. Ndamva kuti nonse muli bwino, ndathokoza.

Yankho lanu ndalandira, ndaliwerenga katatu. Mwati chibale ndi fupa. Mwandikumbutsa amene anandilipirira basi, amene anandigoneka pa bedi lake iye n'kugona pansi miyezi inayi, amene anathamanga ndi mzime kuchipatala ine kulibe. Mukuganiza kuti ndaiwala? Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo. Mwatinso thanki zimaphulika kangati, ndipo anthu a ku fakitale ya nsaluwo sitikuwadziwa. Apo pokha mwandikwiyitsa. Inu mukamakwera basi, amene anamanga mabuleki amakudziwani? Ndinakufunsani ndekha, ndiye sindingakudzudzuleni poyankha. Koma ndinkayembekeza kuti mundithandiza kusenza, osati kundiwonjezera mwala.

Lamulungu masana ndinalankhula ndi alamu. Anzathu a zipinda zina anali atapita ku mpira, ife tinatsala tikuchapa maovolosi pa mpopi wa kuseri. Ndinawauza zonse, za kadontho kaja ndi chala changa. Anapitiriza kufikisa kolala ngati sanamve.

"Inapirira madzi," anatero.

"Madzi ozizira, alamu, tsiku limodzi. Tiyeni tipite limodzi kwa Mayi Tochi. Mukanena nokha mwina akupezerani ntchito ina, ya m'sitolo ya zipangizo kapena pageti."

"Pageti? Ine? Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuwotcherera, ndikakhale wotsegulira a Pompano chitseko?"

Ndinawafunsa mosazungulira kuti akamawotcherera amaona chiyani. Madzi anali akusefukira mu ndowa.

"Kuwala ndimakuona. Msoko ndi chifunga. Koma ine ndimawotcherera ndi khutu, alamu. Moto ukamayenda bwino umalira ngati mafuta m'chiwaya, ukasintha kulira ndimadziwa kuti ndataya njira. Dzanja limadziwa lokha. Pa zowongoka sindiphonya. Ndi zozungulira zokha zimene zikundizemba."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha, nthawi ya dzinja."

Mtima wanga unapweteka, amake ana. Munthu uyu wakhala akugwira ntchito yoopsa chonchi mumdima chaka chathunthu, ine ndikugona mikono iwiri kuchokera pa bedi lake, n'kumagula mababu.

Kenako anafinya ovolosi yawo n'kundiyang'ana. "Mukanena, musaganize kuti ndigwa ndekha. Pa fomu paja pali dzina lanu, si langa. Satifiketi yanuyo akulandani. Ana anuwo ndi ana a mlongo wanga, ndiye ganizani bwino. Ndikungofuna zaka ziwiri, mwana amalize sukulu, ndidzatula ndekha chisoti."

Sanali kundiopseza, ankanena zoona. Chiyambire tsiku limenelo timangopatsana moni.

Lole ikadali ya pa 29. Dzulo amangirira kale matabwa otchingira makosi a mathanki. Mayi Tochi andifunsa kawiri ngati ndikudwala. Ndinati mutu.

Zimene ndatumizazi musagwiritse ntchito zonse. Za njerwa za mpanda ziyambe zaima. Sindikudziwa mwezi wa mawa udzakhala bwanji.

Bambo a ana anu.


1 Juni

Amake ana,

Ndikhulupirira ana ali bwino. Mwina mwamva kale kwa akazi a alamu, ndipo mwamva mmene iwo akufotokozera. Imvaninso kwa ine.

Mpaka pa 29 m'mawa ndinali ndisanatsimikize chochita. Ndinalowa pageti ndikudziuza kuti ndikhala chete monga munanenera. Lole inali itafika, yaitali, ndipo kireni inali itakweza kale thanki yoyamba ndi yachiwiri. Ndinaima ndi kapu ya tiyi kuonerera. Yachitatu inakwera. Yachinayi inakwera. Atayamba kukoleka malamba pa yachisanu, ndinapezeka ndili mu ofesi ya Mayi Tochi, kapu ikadali m'manja. Sindikukumbuka kuyenda kwake.

Ndinati, "Mayi, khosi la yachisanu sindinaliyeze bwino. Ndinatsuka pa mphindi zitatu. Panali kadontho, ndinakapukuta."

Sanakuwe, sanafunse chifukwa. Anatsegula fayilo, anayang'ana chidindo cha wowotcherera, anandiyang'ana ine, n'kutenga tochi yawo. Pabwalo anangokweza dzanja, woyendetsa kireni n'kuzimitsa injini.

A Pompano anabwera akuthamanga, mawu amene analankhula sindingawalembe m'kalata yolowa m'nyumba ya ana. Ati lole imalipiridwa pa ola, ati mapepala onse ndi osainidwa, ati ndani wayambitsa zopusazi. Mayi Tochi anati, "Ndine. Bweretsani mankhwala ochotsera penti." Anachotsa penti okha kuzungulira khosi lonse, anapopera ofiira, anavula wotchi n'kuiika pamwamba pa thanki.

Sindinaonepo mphindi khumi ndi zisanu zazitali chonchija. Magilayinda onse anazima. Owotcherera anatuluka m'modzim'modzi n'kuima mozungulira, dalaivala wa lole naye anatsika. Alamu anaima kumbuyo kwa onse, manja m'thumba. Ndikuuzeni zoona, theka la mtima wanga linkapempha kuti pasatuluke kanthu, ndioneke wopusa, alamu apulumuke. Theka linalo linkadziwa.

Nthawi itakwana anapukuta ndi kansalu pang'onopang'ono, n'kupopera oyera. Poyamba panalibe kanthu, a Pompano anayamba kale kuseka. Kenako pansi pa khosi panatuluka kadontho, kenanso pambali pake, timadonthoto n'kugwirana kukhala mzere wofiira, wautali ngati chala changa chamkombaphala. Ataika kamakina kaja anapeza kuti mng'aluwo wadutsa theka la kunenepa kwa chitsulo. Mayi Tochi anangonena kuti, "Iyi sikanatha chaka." Anatulutsa choko n'kundipatsa ine. Ndinalemba mtanda anthu onse akuona.

Mathanki anayi aja anawatsitsanso, lole inabwerera yopanda kanthu. Msoko uliwonse umene ndinasainira ine chiyambire Febuluwale akuuyezanso. Mpaka lero sanapeze china, chokhacho ndiye chikundipatsa nkhope.

Dzana anandiitana kwa mabwana. Sindinatchule kuti alamu anali pambali panga tsiku lija, ndinati ndinachita ndekha, ndipo ndi zoona. A Pompano ankafuna ndichotsedwe tsiku lomwelo. Mayi Tochi anati munthu amene wabwera yekha lole isananyamuke sangafanane ndi amene wagwidwa. Ndiye satifiketi andilanda kwa chaka, ndidzalembanso mayeso. Panopa ndikupala dzimbiri ndi kunyamula zitini za mankhwala, malipiro abwerera a kale aja. Potuluka mayiwo anandiuza mawu amodzi okha: "Ndinakuphunzitsani kudikira, simunandimve." Zinandiwawa kuposa kulandidwa pepala.

Alamu adzapita kwa dokotala wa maso Lachisanu. M'chipinda sakundilankhula. Ena mwa owotcherera akuti ndagulitsa mbale wanga, pa benchi ya chakudya ndikumakhala ndekha.

Ndinaimba Lamulungu kawiri, simunayankhe. Mwina foni inali kutali.

Mwamuna wanu.


16 Juni

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Basi yabwera kawiri yopanda kalata yanu. Adalaivala anachita kundimvera chisoni, ati mwina mwatanganidwa ndi kukolola. Ndinavomera kuti ndi choncho. Wachisamba ndi amene akumayankha foni, ati amayi ali kuseri. Kuseri kwathu ndikukudziwa, sikutalika chonchi.

Achimwene anu adzanyamuka Lachisanu likubwerali, adzafika kumeneko Loweruka chakumasana. Kalatayi ndaitsogoza kuti muidziwe nkhani asanafike.

Dokotala wati ndi matenda omwe aja a malemu bambo. Zimene zapita sizibwerera, koma wawapatsa mankhwala odontheza m'maso, m'mawa ndi madzulo, ati akamatsatira zotsalazo zikhoza kukhalitsa. Anati akanabwera chaka chatha bwenzi atapulumutsa zambiri. Mabotolo ali m'thumba la m'mbali la chikwama chakuda, pamodzi ndi pepala loti akaonetse kuchipatala cha kumeneko. Muwauze akazi awo kuti asawasiyire okha, mukuwadziwa, adzati achira. Inunso mupite mukayezetse maso anu, ndi ana omwe. Izi sindikupempha, ndikunena.

Fakitale yawapatsa zawo za zaka zonse, poti achoka chifukwa cha matenda osati mlandu. Nyumba ingafoleredwe. Za sukulu ya mwana wawo, ndawauza kuti ndizithandiza mmene ndingathere ngakhale zanga zachepa. Mpanda wathu udikire.

Masabata awiri ndi theka sanandilankhule. Timadzuka, timavala, wina atayang'ana kukhoma. Dzulo masana ndinawapeza akulongedza, akupapasa pansi pa bedi kufunafuna nsapato imene inali pafupi ndi phazi lawo. Ndinaitola n'kuwapatsa. Anakhala pa bedi nsapato ili m'manja.

"Unali wautali bwanji?" anafunsa.

"Chiyani, alamu?"

"Mng'alu uja."

Ndinawagwiritsa chala changa kuti ayeze. Anachigwira kuyambira kunsonga mpaka kutsinde, kawiri.

"Ine sindinauone," anatero. "Anthu atabalalika ndinapita pafupi, ndinayang'anitsitsa. Ndinkangoona zoyera. Ndimati mwina mwandipangira chiwembu ndi mayi aja."

Sananene kuti andikhululukira, inenso sindinapemphe. Sindikudziwa kuti ndipepese ziti, za tsiku limene ndinapukuta kapena za tsiku limene ndinanena. Anavala nsapato yawo n'kupitiriza kulongedza. Chisoti chowotchererera achisiya pa msomali, ati ndimupatse aliyense wochifuna.

Tsopano mvetsani ichi, ndi chifukwa chake ndalemba. Loweruka mukafike kudepoti basi isanafike, ndipo mupite nokha ngati akazi awo sangathe. Musaime patali n'kumakweza dzanja monga mumachitira ndi ine. Sakuonani. Nkhope ya munthu amaizindikira akayandikira ngati kutalika kwa tebulo, ndipo pagulu sangafunse munthu, manyazi awo mukuwadziwa. Adzaima pakhomo pa basi ndi chikwama, adzayang'ana uku ndi uku, n'kuganiza kuti palibe amene wabwera. Mukafike pafupi, muwagwire dzanja, munene kuti ndine mlongo wanu. Sitepe yotsikira basi ndi yaitali, muwauze asanaponde.

Za ine, mukwiye mmene mungafunire, ndi mchimwene wanu. Thanki ija aiwotchereranso, aiyeza, inanyamuka Lolemba, ndipo sindinganame kuti ndikanakonda zikanapita mwina. Disembala ndikufuna kubwera. Mundiuze ngati ndibwere. Ngakhale kalata yonditukwana, ipatsireni adalaivala, Lachitatu ndidzakhala ndili kudepoti.

Ndine mwamuna wanu.